Glaucoma ndi magazi a m'diso: madontho, laser, opaleshoni, kapena makapusozi "otsegula mitsempha"?

Amalume anga amalima fodya cha ku Chamama, ndipo kwa zaka zambiri iwo ndi amene ankasankha masamba nthawi yomanga mabelo, chifukwa diso lawo linkasiyanitsa mitundu imene ifeyo tinkaiona yofanana. Chaka china anayamba kugunda nsanamira za chigafa ndi phewa. Kenako njinga inawadutsa kumanzere iwo osaiona. Kutsogolo ankaona bwinobwino, ngakhale manambala a pa foni ankawerenga okha, choncho tonse tinangoti ndi ukalamba. Atakayezedwa anauzidwa kuti ndi glaucoma, matenda owononga mtsempha woonera, kuti diso lamanzere latsala pang'ono kuzima, ndipo lamanja nalo layamba.

Kuyambira tsiku limenelo mudzi wonse unasanduka madokotala. Wina ankati apite akachotse ng'ala, wina ankati pali agogo ena odziwa masamba ofinyira m'maso. Amene anawasokoneza kwambiri anali mnyamata wogulitsa makapusozi pa WhatsApp, amene anawauza kuti vuto lenileni ndi magazi osayenda bwino m'mitsempha ya diso, ndipo mankhwala a kuchipatala sakhudza zimenezo. "Mphwanga," anandifunsa amalume, "iwe unapita ku sukulu. Nditsate ziti?" Chovuta n'chakuti mnyamata uja sananame zonse. Theka la mawu ake ndi loona, ndipo theka loonalo ndi limene limagulitsa theka labodzalo.

Pampu, payipi ndi phazi loponda

M'kati mwa diso mumapangidwa madzi oyera usana ndi usiku. Si misozi ayi, ndi madzi odyetsa mbali ya kutsogolo kwa diso, ndipo amatulukira pa kasefa kakang'ono kam'kati, mozungulira pamene mbali yakuda ikumana ndi yoyera. Kasefako kakayamba kutseka, madzi amadzadzana, diso n'kulimba ngati tayala lopopedwa mopitiriza. Kulimba kumeneku ndi kumene achipatala amati presha ya diso, ndipo mwa anthu ambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21 pa muyeso wotchedwa mmHg. Kumbuyo kwa diso kuli mtsempha wonyamula zimene taona kupita nazo ku ubongo, wopangidwa ndi timaulusi toposa miliyoni imodzi. Glaucoma ndi kufa pang'onopang'ono kwa timaulusi timeneti, kuyambira tothandiza kuona za m'mbali. Kamene kafa sikameranso.

Nanga magazi akubwera pati? Aliyense amene anathirirapo dimba ndi pampu yopalasa m'mbali mwa Bua kapena Dwangwa amadziwa kuti madzi ofika pa bedi la ndiwo amadalira mphamvu ya wopalasa, kukula kwa payipi, ndiponso ngati pali wina waiponda. M'diso, wopalasa ndi mtima ndi BP yanu. Payipi ndi timitsempha tochokera ku mtsempha waukulu wa m'khosi, timene timalowa kuseri kwa diso kukadyetsa mutu wa mtsempha woonera uja. Phazi loponda ndi presha ya diso. Ikakwera, magazi amavutika kulowa. BP ikatsika kwambiri, zotsatira zake n'zomwezo. Ndipo payipi ikachepa ndiye zimavuta koposa: dokotala wa ku France, Jean Poiseuille, anaonetsa m'zaka za m'ma 1840 kuti kuchepetsa kukula kwa payipi ndi theka kumachulukitsa kukaniza kwake ka 16, osati kawiri. Kamtsempha kakafinyika pang'ono chabe, magazi odutsamo amachepa kwambiri.

Kukaniza kumeneku kumayezeka. Pali sikani yofanana ndi ya amayi oyembekezera, yotchedwa Doppler, imene amaiika pa chikope mutatsinzina. Imaona liwiro la magazi pamene mtima wagunda ndi pamene ukupuma, ndipo kusiyana kwake kumapereka nambala ya pakati pa 0 ndi 1, imene inatchuka ndi dzina la Léandre Pourcelot, dokotala wina wa ku France. Ikayandikira 1 ndiye kuti magazi akukumana ndi chopinga chachikulu kutsogolo. Akafukufuku ambiri apeza kuti nambalayi imakhala yokwererapo mwa odwala glaucoma. Ku chilumba cha Barbados, kumene anthu ambiri ndi zidzukulu za anthu a mu Africa, anatsatira anthu kwa zaka 9 n'kupeza kuti amene mphamvu yokankhira magazi m'diso inali yotsika ankadwala glaucoma kwambiri kuposa anzawo. Palinso anthu amene mtsempha wawo umawonongeka presha ya diso ili bwinobwino. Pulofesa Josef Flammer wa ku Basel m'dziko la Switzerland anafotokoza gulu lina la anthu oterewa: manja ndi mapazi ozizira, BP yotsika, mitsempha yofinyika msanga.

Mpaka apa mnyamata wa makapusozi akupambana. Koma pali mfundo ziwiri zimene sananene. Yoyamba, mtsempha umene wafa kale sufuna magazi ambiri, choncho magazi ochepa akhoza kukhala chiyambi cha matendawa kapena chipsera chake, ndipo sikani ija siyankha funso limenelo. Yachiwiri ndi yaikulu: chinthu chokha chimene chatsimikizika mobwerezabwereza kuti chimachedwetsa khungu la glaucoma ndi kutsitsa presha ya diso. Ngakhale mwa amene presha yawo inali yabwino kale, kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu 1998 anapeza kuti kuitsitsa ndi 30 peresenti kunachedwetsa kuwonongekako. Kuchotsa phazi pa payipi ndi njira yotsegulira magazi imene ili m'manja mwathu. Ndiye funso lenileni ndi lakuti phazilo tilichotse ndi chiyani.

Madontho

Ambiri timayambira pano, ndipo amene amapezeka kawirikawiri ndi timolol, odontheza kawiri pa tsiku. Akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira mu 1978. Amachepetsa madzi opangidwa m'diso, ndi otchipa, ndipo sasowa firiji. Koma ndi a m'banja limodzi ndi mankhwala ena a mtima, ndipo dontho la m'diso silithera m'diso: limatsikira m'mphuno n'kulowa m'magazi. Kwa munthu wa mphumu akhoza kubanikitsa koopsa, ndipo kwa amene mtima wake umagunda pang'onopang'ono amauchepetseranso liwiro. Tikabwerera ku dimba lija, timolol amachotsa phazi koma angathenso kufooketsa wopalasa. Usiku, thupi likagona, timolol sagwiranso ntchito kwenikweni. Mukadontheza, tsinzinani n'kusindikiza ndi chala pangodya ya diso pafupi ndi mphuno kwa mphindi ziwiri. Kachizolowezi kameneka kamasunga mankhwala m'diso n'kuchepetsa olowa m'thupi, ndipo n'zodabwitsa kuti odwala ambiri sanakauzidwepo.

Latanoprost, amene anabwera mu 1996, amatsegula njira ina yotulutsira madzi. Dontho limodzi madzulo, amatsitsa presha kuposa timolol, amagwira ntchito ndi usiku womwe, ndipo sakhudza mtima kapena chifuwa. Amafiiritsa diso, amatalikitsa nsidze, amatha kudetsa khungu lozungulira diso, zinthu zimene amalume sakanaziwerengera n'komwe. Vuto lake ndi mtengo, komanso botolo losatsegula limafuna pozizira, ndipo m'mwezi wa Okutobala ku Kasungu m'nyumba ya malata simukhala pozizira. Dorzolamide amaluma m'diso ndipo amasiya kakomedwe kowawa kukhosi, koma ndi amene akafukufuku ena anapeza kuti amawonjezerako kayendedwe ka magazi kuseri kwa diso, ndipo nthawi zambiri amaphatikizidwa ndi timolol m'botolo limodzi. Brimonidine anaoneka ngati woteteza mtsempha kuposa timolol pa kafukufuku wa ku America wa 2011, koma ambiri anawasiyira panjira chifukwa maso ankayabwa ndi kutupa, ndiye umboniwo ndi wopelewera. Mapilitsi a acetazolamide amatsitsa presha mwachangu, koma ndi a kanthawi: amachititsa dzanzi m'zala, amabweretsa miyala mu impso, ndipo ndi oopsa kwa odwala sickle cell.

Pa pepala madontho ndi njira yofatsa kuposa zonse. M'mudzi ndi nkhani ina. Amalume anapatsidwa botolo limodzi, linatha pa masabata asanu, ndipo atabwerera anauzidwa kuti mankhwala atha, akagule. Inali nthawi ya dzinja, ndalama zonse zili mu feteleza, msewu ndi matope okhaokha. Anakhala miyezi iwiri osadontheza, ndipo popeza glaucoma siwawa, panalibe chowakumbutsa. Madontho amathandiza munthu amene angawapeze mwezi ndi mwezi moyo wake wonse, amene manja ake sanjenjemera, ndiponso amene angapirire kumwetsa diso mankhwala osaona kusintha kulikonse. Kwa mphunzitsi wa pa boma la Kasungu wolandira malipiro, amene matenda awo apezeka msanga, ndinganene kuti yambani ndi madontho. Kwa mlimi amene ndalama amaiona kamodzi pa chaka, akagulitsa fodya ku msika wa Chinkhoma, ndimakayika.

Laser

Njira imeneyi, yotchedwa SLT, ndi yowalitsa kuwala kwamphamvu pa kasefa kaja kuti kayambenso kudutsitsa madzi. Palibe kung'amba, palibe kugona m'chipatala, mumakhala pa mpando kwa mphindi zochepa atakudonthezani mankhwala ochititsa dzanzi. Ku Britain, kafukufuku wa LiGHT wofalitsidwa mu 2019 anapeza kuti pafupifupi atatu mwa anayi alionse amene anayamba ndi laser sanafune madontho kwa zaka zitatu. Koma umboni umene umandikhutiritsa ine ndi wa pafupi ndi kwathu. Pa chipatala cha KCMC ku Moshi, m'dziko la Tanzania, anayerekeza laser ndi timolol mwa anthu 201, ambiri mwa iwo matenda atapita kale patali monga zimakhalira kuno. Zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti patatha chaka laser inathandiza maso 61 pa 100 alionse, pamene timolol anathandiza 31.

Ubwino wake wina ndi wakuti sikhudza mtima kapena BP, ndiye wopalasa pampu uja amatsala ndi mphamvu zake zonse. Kuipa kwake: mphamvu yake imatha pakapita zaka ndipo pamafunika kubwereza, sigwira kwa aliyense, ndipo diso limene presha yake yakwera kwambiri kapena mtsempha watsala pang'ono kutha nthawi zambiri limafuna choposa apa. Makina ake ndi odula, si a pa chipatala chilichonse. Mukatumizidwa kwa dokotala wamkulu wa maso, funsani za laser mwachindunji, musadikire kuti aitchule yekha.

Opaleshoni, ndi chifukwa chake anthu amaithawa

Apa ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene pali kusamvetsetsana kwakukulu. M'chigawo chapakati tonse tikudziwa munthu amene anapita ku Nkhoma kapena ku Lions Sight First pa Kamuzu Central ali wogwidwa dzanja, n'kubwerako akuyenda yekha atachotsedwa ng'ala. Ndiye tikamva kuti opaleshoni ya diso, timayembekezera chozizwitsa chomwecho. Ya glaucoma sili choncho. Ng'ala ili ngati galasi la zenera lachita chifunga, mukalisintha mumaonanso. Glaucoma ndi waya woduka. Opaleshoni siilumikiza waya, imangoteteza umene watsala. Munthu amalowa akuona pang'ono, amatuluka akuona pang'ono pomwepo, mwinanso mwachimbuuzi kwa masabata angapo. Akabwerera kumudzi anthu amati achipatala amuwononga diso, ndipo wotsatira wake amakana kupita.

Opaleshoni yodziwika kwambiri ndi trabeculectomy, imene John Cairns wa ku Cambridge anaifotokoza mu 1968. Dokotala amatsegula kakhomo kakang'ono pa mbali yoyera ya diso, pansi pa chikope chapamwamba, kuti madzi azitulukira pamenepo n'kumwerera. Palibe njira ina mwa zonsezi imene imatsitsa presha kwambiri ndi kuisunga yosasinthasintha usana ndi usiku ngati imeneyi, ndipo akafukufuku amene anayeza ndi Doppler asanachite ndi atachita anapeza kuti magazi kuseri kwa diso anayamba kuyenda bwinoko. Ameneyu ndiye "wotsegula mitsempha" weniweni.

Zoopsa zake zilipo ndipo sindizibisa. Maso a anthu akuda amapola ndi chipsera cholimba, ndiye kakhomoko kamatha kutsekanso, n'chifukwa chake madokotala amapakapo mankhwala monga mitomycin C ochepetsa chipseracho. Ng'ala ikhoza kubwera msanga, presha ikhoza kutsika mopitiriza, ndipo malowo akhoza kulowa tizilombo ngakhale patapita zaka, kotero diso lochitidwa opaleshoni likafiira n'kumawawa si lodikira nalo mawa. Masabata oyambirira amafuna kuonedwa pafupipafupi, ndipo kuchokera pa boma la Kasungu kukafika ku Lilongwe ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 130 pa M1, osawerengera wa kabaza wochokera kumudzi. Amene akuganiza za opaleshoni ayambe apeza wachibale ku Lilongwe wokhala kwa iye mwezi woyambawo. Akalephera zimenezo, opaleshoni yabwino ikhoza kuwonongeka chifukwa chosowa woiyang'anira.

Ngakhale zili choncho, kwa munthu amene diso lina lazima, lina likutsatira, ndipo madontho amawapeza mwa apo ndi apo, ine ndimaona kuti ulendo wovuta wa mwezi umodzi ndi wopepuka kuposa ulendo wa mwezi uliwonse umene sudzatheka.

Nanga za magazi zenizenizo?

Pali zimene mungachite, ndipo zambiri n'zaulere. Chachikulu ndi BP. Yokwera imaumitsa ndi kuchepetsa timitsempha pakapita zaka, monganso shuga, ndiye musasiye mankhwala ake. Koma BP yotsitsidwa mopitiriza, makamaka usiku pamene imatsika kale yokha, imasiya mtsempha wa diso ndi njala. Dokotala Sohan Hayreh wa ku Iowa m'dziko la America anathera zaka zambiri akuonetsa zimenezi. Anthu ena amamwa mapilitsi a BP pogona poganiza kuti ndi bwino, pamene kafukufuku wa TIME wa ku Britain mu 2022, wa anthu oposa 21,000, sanapeze kusiyana pa chitetezo cha mtima pakati pa kumwa m'mawa ndi madzulo. Ngati muli ndi glaucoma, auzeni a ku kiliniki ya BP, ndipo a ku maso auzeni mapilitsi onse amene mumamwa. Zipinda ziwirizi sizilankhulana zokha, buku lanu la kuchipatala ndi limene limazilumikiza. Nthawi yomwera musasinthe nokha.

Kuyenda ndawala ndi kupalasa njinga kumatsitsako presha ya diso. Kugugudiza madzi lita yathunthu nthawi imodzi kumaikweza kwa kanthawi, ndiye imwani pang'onopang'ono. Amene amaliza nkonono kwambiri n'kumabanika kutulo anene kuchipatala. Chingambwe ndi fodya wa m'mphuno zimafinya mitsempha, ndipo ngakhale ndi mbewu imene inatiphunzitsa sukulu ambirife, kuilima sikutikakamiza kuisuta. Chamba, chimene anyamata ena amachitamanda kuti ndi mankhwala a glaucoma, chimatsitsadi presha koma kwa maola atatu kapena anayi okha, ndipo chimatsitsanso BP. Chimachotsa phazi uku chikugwetsa wopalasa.

Makapusozi aja, ambiri amakhala ndi ginkgo, mankhwala ochokera ku masamba a mtengo wina wa ku China. Akafukufuku ang'onoang'ono anapereka zotsatira zosagwirizana, ndipo ginkgo amatha kuchititsa magazi kuchedwa kuundana, zimene ndi vuto kwa womwa aspirin kapena wokonzekera opaleshoni. Ndalama ya botolo limodzi ikanagula madontho enieni kapena kulipira minibasi ya ku Lilongwe. Masamba ofinyira m'diso ndiye ayi ndithu: sangafike kumbuyo kumene kuli vuto, koma amatha kuyambitsa chilonda kutsogolo. Ndipo chenjerani ndi madontho a maso ofiira ogulidwa popanda kuyezedwa. Amene ali ndi dexamethasone kapena betamethasone, akagwiritsidwa ntchito masabata ambiri, amakweza presha ya diso n'kuyambitsa glaucoma mwa munthu amene analibe.

Sikani ya Doppler nayo musaiwonongere ndalama poganiza kuti ndiyo ipereke yankho. Ndi chida chabwino cha kafukufuku, koma imayeza liwiro osati kuchuluka kwa magazi, ndipo nambala yake sisintha chimene dokotala angakuchitireni. Zoyeza zimene zimasankhitsa njira ndi kuyeza presha, kusuzumira mtsempha kumbuyo kwa diso, ndi kuyeza mmene mukuonera za m'mbali. Poyambira ndi pa chipatala cha boma lanu, kwa kiliniko ofesala wa maso, amene angakutumizeni kutsogolo. Ndinenenso mwachidule kuti pali mtundu wina wa glaucoma wobwera mwadzidzidzi: diso lofiira, kuwawa koopsa, kusanza, kuona utawaleza mozungulira nyali. Umenewo ndi wothamanga nawo tsiku lomwelo.

Malawi anatha kugonjetsa trachoma, matenda ena a maso opatsirana, ndipo bungwe la WHO linatsimikiza zimenezi mu 2022. Imeneyo inatheka ndi mapilitsi ogawira mudzi wonse, madzi ndi ukhondo. Glaucoma sigawiridwa mapilitsi, imafuna kupeza munthu mmodzimmodzi asanadziwe yekha kuti akudwala. Ku Kongwa m'dziko la Tanzania anapeza kuti anthu pafupifupi anayi pa 100 alionse a zaka 40 kupita m'tsogolo ali nayo, ndipo imayenda m'magazi a banja: abale a bere limodzi ndi ana a wodwala ali pa chiopsezo chachikulu kuposa ena.

Amalume anasankha opaleshoni ya diso lamanja, titagwirizana kuti akhale kwa mlongo wanga ku Lilongwe mpaka adokotala atawamasula. Tinadikira kuti agulitse kaye mabelo oyamba. Njinga yodzera kumanzere sakuionabe, anangophunzira kutembenuza mutu wonse asanawoloke msewu. Lamanja likuona monga linkaonera tsiku lolowa m'chipatala, ndipo chaka chino iwo ndi amene anasankhanso masamba. Ntchito imene ndatsala nayo ndi mayi anga, mlongo wawo, amene ali ndi zaka 58, amamwa mapilitsi a BP pogona, ndipo akuti maso awo alibe vuto chifukwa amalowetsabe ulusi pa singano okha. Alonjeza kuti tikayezetsa akamaliza kukumba mtedza.